Omvera Ndiwo Adasula Aulutsi Athu

Achinyamata ambiri amene akuyamba podcast masiku ano amayamba ndi mafunso a zipangizo: maikolofoni yabwino ndi iti, makamera akhale angati, chipinda chitchingidwe bwanji kuti phokoso la maminibasi lisalowe. Mafunsowa ngoyenera, koma amaphimba funso lina lalikulu, lakuti kodi munthu amaphunzira kuti kulankhula ndi anthu amene sakuwaona mpaka iwo n'kufuna kudzamumvanso mawa. Ena amayesa luso limeneli ndi lachilendo, lobwera ndi intaneti, motero amalifunafuna pa YouTube n'kumatsanzira anthu a ku America. Chikhalirecho ntchito youlutsa mawu m'chinenero chathu yatha zaka zoposa 80, ndipo ili ndi akatswiri ake, zolakwa zake ndi maphunziro ake. Mbiri imeneyi, kuchokera ku Lusaka kudzafika ku Blantyre, Lilongwe ndi Chipata, ikuonetsa chinthu chimodzi mobwerezabwereza. Amene adaphunzitsa aulutsi athu kulankhula bwino adali omvera: anthu amene ankawalembera makalata, kuwapempha, kuwadzudzula, ndi kutseka wailesi akatopa nawo. Pamene muulutsi ankatchera khutu kwa anthuwa, mawu ake ankakhala ndi mphamvu. Pamene ankangotchera khutu kwa mwini wailesi, anthu ankamusiya akulankhula yekha.

Nkhaniyi idayambira kunja kwa Malawi. Mu 1941, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati, boma la atsamunda la Northern Rhodesia lidatsegula kanyumba koulutsira mawu ku Lusaka kuti lizidziwitsa anthu za nkhondoyo. Nkhondo itatha, mkulu wa zofalitsa nkhani m'bomalo, Harry Franklin, adalimbikira kuti wailesiyo ikule n'kumatumikira anthu akuda a m'maiko atatu: Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland. Ndimo mudabadwira Central African Broadcasting Station, imene inkaulutsa m'Chinyanja, Chibemba, Chitonga, Chilozi, Chishona, Chindebele ndi Chingerezi. Koma panali vuto lalikulu: omvera kunalibe, chifukwa mawailesi a nthawi imeneyo adali odula ndiponso ambiri ankafuna magetsi. Anthu ankamvera pagulu, pa boma kapena m'maholo a m'migodi, pomwe woyatsa ndi wozimitsa adali wina. Franklin adavutika zaka zingapo kufunafuna kampani yopanga wailesi yotsika mtengo, mpaka kampani ya mabatire ya Ever Ready ya ku Britain idavomera, podziwa kuti wogula wailesi adzakhalanso wogula mabatire. Mu 1949 idatuluka wailesi yotchedwa Saucepan Special, chifukwa chikopa chake chidali chozungulira ngati sefuliya yopanda chogwirira, chopakidwa utoto wa buluu. Mtengo wake udali mapaundi 5, ndipo batire lake lidali masheleni 25. Sizidali ndalama zochepa, koma mphunzitsi, kalaliki, wapolisi kapena wogwira ntchito mumgodi akadatha kusonkhanitsa.

Kusintha kumene wailesi imeneyi idabweretsa sikuyamikiridwa mokwanira. Wailesi italowa m'nyumba, chala choyatsira chidakhala cha womvera, ndipo ola lililonse lomvera linkadya batire limene adagula ndi thukuta lake. Kuyambira pamenepo muulutsi adayenera kuonetsa kuti mawu ake ngoyenera mtengo wa batirelo. Atsamunda ankafuna kuti wailesi iziphunzitsa ukhondo, kukumba zimbudzi, kulima mizere yopingasa ndi kumvera malamulo. Omvera ankafuna nyimbo zawo ndi uthenga wa abale awo, ndipo adanena zimenezi kudzera m'makalata amene ankafika ku Lusaka mochuluka zedi. Pologalamu imene idatchuka koposa idali ya zopempha za omvera, Zimene Mwatifunsa. Chifukwa chake n'chosavuta kumvetsa munthu akakumbukira mmene dziko lidalili. Amuna ambirimbiri a ku Nyasaland ndi kum'mawa kwa Northern Rhodesia adali pa ulendo, ku Salisbury, ku Bulawayo, ku migodi ya mkuwa ya ku Kitwe ndi Luanshya, ena ku Joni kudzera ku Wenela. Kalata inkatenga masabata kuti ifike kumudzi, ndipo wolandira mwina sankadziwa kuwerenga. Koma dzina la munthu likatchulidwa pa wailesi, pamodzi ndi mudzi wake, mfumu yake ndi moni wake kwa mayi ake, mudzi wonse unkadziwa kuti mwana wawo ali moyo ndipo sadatchone. Muulutsi wowerenga uthenga woterewu adaphunzira msanga kuti kupotoza dzina la mfumu kapena kuthamangitsa moni ndi kulakwira banja lonse. Ulemu wa m'mawu, kutchula maina molondola, kupuma pamalo oyenera, zonsezi adaziphunzira chifukwa wolakwiridwa ankalembanso kalata.

Pakati pa aulutsi a nthawi imeneyo, Alick Nkhata ndiye amene dzina lake lidakalipobe. Adabadwira ku Kasama mu 1922, adapita kunkhondo ku Burma, ndipo atabwerako adagwirapo ntchito ndi Hugh Tracey, yemwe ankayenda m'maiko a kuno kujambula nyimbo za makolo. Atalowa ntchito pa wailesi ya ku Lusaka, Nkhata adakhala muulutsi, womasulira ndiponso woyimba, ndipo ankayenda m'midzi ndi m'makomboni ndi makina ojambulira, kusonkhanitsa nyimbo ndi mawu a anthu wamba. Nyimbo zake, m'Chibemba ndi m'Chinyanja, zinkakamba za moyo watsopano wa m'tauni, za ndalama, za mabanja, za mavalidwe, nkhani zomwe adazitola m'kamwa mwa omvera. Peter Fraenkel, amene adagwira naye ntchito ndipo adalemba buku lotchedwa Wayaleshi mu 1959, akufotokoza momwe ogwira ntchito pa wailesiyo ankapitira kukafufuza zimene omvera amvetsa ndi zimene sadamvetse, n'kupeza kuti mawu ambiri omasuliridwa kuchokera ku Chingerezi ankangodutsa m'makutu. Zimenezi sizidali za kuno kokha. Ku BBC nako, kumapeto kwa zaka za m'ma 1920, Hilda Matheson, amene ankayang'anira mapologalamu a zokamba, adaona kuti akatswiri owerenga mapepala awo ngati ali pa msonkhano ankatopetsa anthu, ndipo adayamba kuwaphunzitsa kulemba mawu oyenera khutu la munthu mmodzi amene wakhala m'nyumba mwake. Kusiyana kwake n'kwakuti ku London phunziroli lidachokera kwa bwana, pamene ku Lusaka mabwana sankadziwa bwino zinenero zoulutsirazo, choncho aulutsi akuda adalipeza kwa anthu awo.

Wina anganene kuti sitiyenera kutamanda wailesi imeneyi chifukwa idali chida cha atsamunda, chokhazikitsidwa kuti anthu akuda akhale chete ndi omvera. Mfundoyi njoona, ndipo palibe chifukwa choibisira. Koma zimene zidachitika pamene chidacho chidagwiritsidwa ntchito poyera zikulimbitsa mfundo yanga m'malo moigwetsa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, azungu akukankha zoti maiko atatu aja alowe m'chitaganya chimene anthu akuda ankachikana ndi mtima wonse, wailesi ya ku Lusaka inkaulutsa mbali ya boma. Omvera adatembenukira aulutsi omwe aja ankawakonda. Kudabuka mphekesera zakuti aulutsiwo ndi banyama, anthu ogwira anzawo usiku n'kuwapopa magazi, mphekesera zofanana ndi za anamapopa zimene Amalawi akuzidziwa bwino. Fraenkel akusimba za mantha amene anzake akuda adakhala nawo m'masiku amenewo. Mphekeserazo zidali zabodza, koma chimene zinkatanthauza chidali chomveka: mawu amene tidawalola kulowa m'nyumba zathu atigulitsa. Chitaganya chidakhazikitsidwa mu 1953, ndipo mu 1958 wailesiyo idalowa pansi pa Federal Broadcasting Corporation. Chikhulupiriro chimene chidamangidwa ndi moni ndi nyimbo chidagwedezeka pa nkhani imodzi ya ndale. Ndiye kuti omvera sadali nkhosa zongolandira chilichonse. Ankasiyanitsa muulutsi amene akulankhula nawo ndi muulutsi amene akungowafikitsira mawu a wina. Nkhata mwiniyo adatumikirabe wailesi mpaka m'Zambia wodzilamulira, ndipo adafa mu 1978 ku Mkushi pamene asilikali a Rhodesia adaukira msasa wa omenyera ufulu wa Zimbabwe pafupi ndi munda wake.

Malawi adalandira ufulu pa 6 July 1964, ndipo chaka chomwecho Malawi Broadcasting Corporation idayamba ntchito yake, likulu lake lili ku Chichiri mumzinda wa Blantyre. Kwa zaka 30 zotsatira idali wailesi yokhayo ya boma m'dziko lopanda kanema, popeza Television Malawi idadzayamba mu 1999. Nyengo imeneyi njovuta kuiweruza, ndipo amene amaitamanda yonse kapena kuinyoza yonse amalakwitsa. Mbali ina, idapatsa aulutsi mwambo wa ntchito. Pologalamu inkayamba pa nthawi yake ndi kutha pa nthawi yake, mawu ankalembedwa ndi kuunikidwa asadapite pa mphepo, ndipo chinenero chinkasamalidwa, makamaka Chichewa chitasankhidwa mu 1968 kukhala chinenero cha fuko ndiponso bungwe la Chichewa Board litakhazikitsidwa mu 1972. Mbali inayi, chisankho chomwecho cha 1968 chidachotsa Chitumbuka pa wailesi, ndipo anthu a chigawo chonse adauzidwa, popanda kufunsidwa, kuti chinenero chawo sichiyenera kumveka. Chaka chomwechonso lamulo lounika ndi kuletsa zofalitsa lidakhazikitsidwa. Muulutsi adaphunzira kutchula maudindo onse a Ngwazi mosaphonya, koma sadaphunzire kufunsa nduna funso lachiwiri. Luso la kufunsa, limene ndi mtima wa podcast iliyonse ya macheza, silikadakula m'nyumba imene funso lolakwika likadatha kumutengera munthu ku ndende ya Mikuyu.

Komabe tikafunsa anthu amene adakula ndi MBC zimene amakumbukira, satchula nkhani za misonkhano ya chipani. Amatchula sewero la Kapalepale, Bwalo la Alimi, Zokonda Amayi, ndi mauthenga achisoni amene banja lonse linkakhala chete kuwamvera kuopa kuti mwina maliro ndi a kwawo. Mapologalamu onsewa ali ndi chinthu chimodzi chofanana: womvera ankadzipezamo. Zokonda Amayi idakhalitsa mpaka amayi omvera adakhazikitsa magulu awo m'maboma osiyanasiyana, zomwe sizingachitike ndi pologalamu imene anthu amangoipirira. Ndipo pamene nkhani yeniyeni idafika, mu March 1992, maepiskopi a Katolika atatulutsa kalata yawo yodzudzula ulamuliro wa chipani chimodzi, anthu ofuna kudziwa zoona adapotoza mawailesi awo kufunafuna BBC ndi wailesi ya ku South Africa imene inkaulutsa m'Chinyanja. Zimene zidachitikira wailesi ya ku Lusaka pa nkhani ya chitaganya zidachitikiranso MBC pa nkhani ya zipani zambiri. Pa riferendamu ya pa 14 June 1993, anthu ambiri adavotera zimene wailesi yawo idatha zaka ikuwauza kuti n'zoipa.

Ku Zambia, m'nyengo yomweyo, kudali munthu amene aliyense wofuna kuyamba podcast m'chinenero chathu ayenera kumudziwa. Julius Chongo ankakamba nthano pa Radio Zambia m'pologalamu yotchedwa Poceza m'Madzulo, kuyambira m'zaka za m'ma 1960 mpaka m'ma 1970. Adalibe gulu la ochita sewero. Iye yekha ankakhala wokamba nkhani, mfumu, nkhalamba, mwana, kalulu ndi fisi, akusintha mawu, liwiro ndi kapumidwe kuti womvera adziwe amene akulankhula popanda kuuzidwa. Ankatenga nthano za makolo ndi nkhani za moyo wa masiku amenewo n'kuziluka mwatsopano, akugwiritsa ntchito mawu ojambula zochitika, aja amene amachititsa womvera kuona munthu akugwa kapena chitseko chikutsekuka. Luso lake lidali lozama mwakuti Ernst Wendland adalembapo kafukufuku wa digiri yapamwamba mu 1979, ndipo pambuyo pake adasindikiza ena mwa masewerowo m'buku. Chongo akutiphunzitsa ziwiri. Choyamba, munthu mmodzi ndi maikolofoni imodzi akhoza kugwira dziko lonse ngati akudziwa kumanga nkhani. Chachiwiri, luso limenelo adalitenga pabwalo la kumudzi, pomwe wokamba nthano amayankhidwa ndi omvera pa chiganizo chilichonse ndipo amadziwa pompo akayamba kuwagonetsa. Mu situdiyo mulibe woyankha, choncho Chongo adayenera kunyamula omverawo m'mutu mwake, kudziwiratu pamene adzaseke, pamene adzadabwe ndi pamene adzafune kupuma. Zimenezi sizichitika popanda kukonzekera.

Chisankho cha pa 17 May 1994 chitachitika, zitseko zidayamba kutseguka. Chitumbuka chidabwerera pa MBC chaka chomwecho, ndipo Chiyao, Chilomwe ndi Chisena zidatsatira mu 1996. Lamulo la 1998 lidakhazikitsa bungwe la MACRA lopereka ziphaso. Wailesi ya Dzimwe idayamba ku Monkey Bay, Capital FM ya Alaudin Osman idatsegulidwa ku Blantyre mu 1999, ndipo Zodiak ya Gospel Kazako idayamba ku Lilongwe mu 2005 n'kukula msanga chifukwa cholankhula Chichewa cha anthu ndi kukhala ndi atolankhani m'maboma. Foni zam'manja zidabweretsa mapologalamu oyimbira lamya, pomwe muulutsi sakadathanso kubisala kumbuyo kwa pepala. Koma chitsanzo chimene chimandikhutiritsa koposa chidachokera ku MBC komweko, wailesi imene idapitirizabe kukondera chipani cholamula. Pologalamu ya Nkhani za M'maboma inkaulutsa nkhani zotumizidwa ndi omvera eni ake: mfumu yolanda munda, bwana womana antchito malipiro, mphunzitsi wochita zosayenera, nkhani za ufiti, mikangano ya m'mabanja. Anthu ophunzira ankainyoza kuti ndi miseche, koma Harri Englund, m'buku lake la mu 2011 lofufuza pologalamuyi, adaonetsa kuti anthu osauka ankaigwiritsa ntchito podzudzula amphamvu amene alephera udindo wawo, m'chinenero chimene mabungwe a ufulu wachibadwidwe sankachilankhula. Ndipo nkhanizo sizinkangoponyedwa pa mphepo momwe zabwerera. Akonzi ankasankha, kulembanso ndi kusula chiganizo chilichonse kuti chimveke.

Englund yemweyo adalembanso, mu 2018, za Gogo Breeze wa pa Breeze FM ku Chipata, wailesi imene Mike Daka adaikhazikitsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Gogo Breeze, dzina lake lenileni Grayson Peter Nyozani Mwale, adali mphunzitsi wopuma pa ntchito amene adalowa pa wailesi atakula kale. Mphamvu yake idali m'makalata a omvera, amene ankamulembera ngati adzukulu olembera agogo awo, akudandaula za ogula thonje, za feteleza, za mabwana ndi za m'banja. Iye sankangowerenga. Ankatenga chojambulira n'kupita ku msika, kumudzi kapena ku ofesi yodandaulidwayo kukamva mbali ina, ndipo wodandaula akakhala kuti ndiye wolakwa, ankamuuza. Apa mpamene pali yankho kwa amene angatsutse kuti kumvera omvera n'kungowapatsa zimene akufuna, ndipo zimene anthu amafuna ndi miseche, zolaula ndi mikangano ya anthu otchuka. Chiopsezo chimenechi nchenicheni, ndipo mbiri ili ndi umboni woopsa kuposa miseche. Wailesi ya RTLM ya ku Rwanda idakopa anthu ndi nyimbo ndi macheza omasuka, kenako mu 1994 idagwiritsa ntchito ubwenzi womwewo kulimbikitsa kupha, ndipo ena mwa oyambitsa ake adapezeka olakwa ku khoti la dziko lonse mu 2003. Kuyandikana ndi womvera pakokha si ukoma. Koma kuwerenga chiwerengero cha amene atsegula vidiyo n'kosiyana ndi kuwerenga kalata. Chiwerengero chimangokuuza chimene chidakopa maso kwa kanthawi. Kalata imakuuza vuto la munthu amene ali ndi dzina ndi mudzi, ndipo imakupatsa udindo woti ufufuze, uyankhe, ngakhale kumukana. Aulutsi amene ndatchulawa adali ndi udindo woterewu.

Podcast idabadwira kutali ndi mbiri yonseyi. Dzina lake lidayamba kumveka mu 2004 m'nkhani ya Ben Hammersley mu nyuzipepala ya The Guardian, pomwe Dave Winer ndi Adam Curry ankakonza njira yoti mawu ojambulidwa azifika okha pa chipangizo cha womvera. Kampani ya Apple idaiika mu iTunes mu 2005, ndipo kutchuka kwenikweni kudabwera mu 2014 ndi podcast ya Serial. Chachikulu chimene podcast idachotsa ndi mlonda wa pachipata. Palibe bwana wosankha amene alankhule, palibe wotchi yodula macheza pakati, palibe nduna yoimba lamya kuti pologalamu iime. Kwa anthu amene adakhala zaka 30 ndi wailesi imodzi, ufulu umenewu ngwamtengo wapatali, ndipo sindikufuna kuti uchepe ngakhale pang'ono. Koma pamodzi ndi mlondayo padachokanso mkonzi, munthu uja amene ankamvera tepi n'kunena kuti apa wabwereza, apa wamudula mlendo pakamwa, apa watchula munthu mlandu umene sungathe kuutsimikiza. Okonda podcast amayankha kuti kukoma kwake kuli m'kusakonzekera, kuti anthu atopa ndi mawu opukutidwa ndipo akufuna macheza enieni. Ndikuvomereza kuti atopa ndi mawu ouma. Koma zitsanzo zomwe iwo amatamanda zikuwatsutsa. Serial idapangidwa ndi Sarah Koenig ndi anzake a pologalamu ya pa wailesi ya This American Life, atafufuza nkhani imodzi kwa chaka. MacG wa ku South Africa, amene achinyamata ambiri kuno amamutsanzira, adagwira ntchito pa mawailesi zaka zambiri asadayambe Podcast and Chill. Kumasuka kumene timamva kudaphikidwa kale ndi ntchito imene sitiiona. Wotsanzira amatenga kuseka ndi kukhala momasuka pa sofa, n'kusiya kuwerenga za mlendo, kukonza mafunso ndi kudziwa nthawi yokhala chete.

Palinso amene amati omvera podcast ndi a m'tauni, ophunzira, okhala ndi ndalama za bandulo, choncho palibe chifukwa chovutikira ndi Chichewa chabwino kapena kuganizira za munthu wa kumudzi. Kusakaniza Chichewa ndi Chingerezi si tchimo, ndimo momwe anthu ambiri a ku Lilongwe ndi Lusaka amalankhulira, ndipo muulutsi wonamizira chilankhulo cha agogo ake amamveka wabodza. Vuto limabwera pamene munthu athawira ku Chingerezi nthawi zonse nkhani ikafika pa kukwera kwa mitengo, ngongole za boma kapena matenda a maganizo, chifukwa sadakhale pansi kuganiza momwe angaifotokozere m'chinenero chake. Pamenepo chasowa ndi kukonzekera, ndipo ndi vuto lomwe lija Fraenkel ndi anzake adalipeza m'mawu omasuliridwa mwaulesi. Kalembera wa mu 2018 adapeza kuti Amalawi adalipo oposa 17.5 miliyoni, ndipo 84 mwa anthu 100 alionse ankakhala kumudzi. Ambiri mwa iwo sangaonere vidiyo ya maola awiri, koma kachidutswa ka mawu kamayenda pa WhatsApp ndi pa memori khadi mpaka kufika kumene mwini wake sadaganizireko. Ndipo womvera wa lero, monga wa 1949 uja, amalipira kumvera kwake: bandulo imatha monga momwe batire linkathera, ndipo mphindi 20 za moni wa pakati pa ochititsa pologalamu, nkhani isadayambe, zimadya ndalama ya munthu. Kulinso omvera ena amene mbiri yawabweretsanso, Amalawi ndi anthu a ku Zambia amene ali ku Johannesburg, Cape Town, Harare, Manchester ndi Dublin, amene njala yawo ya mawu a kwawo siisiyana ndi ya amuna a ku migodi amene ankalembera Zimene Mwatifunsa.

Kodi tsono wophunzira wa lero atani, poti alibe mkonzi kapena thumba la makalata? Ayenera kudzipangira zonse ziwiri. Amvere yekha zimene wajambula kuyambira poyamba mpaka pomaliza asadazitulutse, ntchito yowawa imene ambiri amaithawa, ndipo apatse munthu mmodzi wosamuopa kuti amuuze pamene adayamba kutopa. Atsegule njira yoti omvera azitumiza mawu awo, aziwawerenga, aziwayankha pa pologalamu potchula maina molondola, ndipo dandaulo likakhudza munthu wina, amufunefune munthuyo asadamutchule. Aphunzire malonje, chifukwa mlendo wamkulu amene walonjeredwa bwino amamasuka n'kunena zimene sakadanena kwa mwana womuthamangira ndi funso. Afunse funso limodzi lalifupi, kenako adikire. Ena amati luso limeneli munthu amabadwa nalo. Mawu okoma mwina amabadwa nawo, koma Gogo Breeze adaphunzira kulankhula ndi anthu m'kalasi kwa zaka zambiri, Nkhata m'maulendo ojambula nyimbo, Chongo m'nthano za pabwalo. Aliyense adali ndi kumene adasulidwira.

Chodandaulitsa n'chakuti mawu a akatswiri amenewa ngovuta kuwapeza. Mnyamata wa ku Zomba akhoza kumvera mosavuta pologalamu iliyonse ya ku New York, koma sangapeze mosavuta pamene angamvere Kapalepale wakale kapena Poceza m'Madzulo kuti aphunzire momwe chiganizo cha Chichewa chimapumira pa maikolofoni. MBC ndi ZNBC ya ku Zambia ziyenera kuika matepi amene zidasunga pamalo pamene aliyense angawamvere, ndipo sukulu zophunzitsa utolankhani monga Malawi Institute of Journalism ziyenera kuwagwiritsa ntchito m'kalasi. Koma inu amene muli ndi podcast simuyenera kudikira maofesi amenewa. Aulutsi ambiri amene adagwira ntchito m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 adapuma ndipo akukhala m'makomboni ndi m'midzi yathu, akukalamba popanda wowafunsa. Apezeni, mukhale nawo pansi, muwafunse momwe ankakonzera pologalamu, zimene ankaopa kunena ndi makalata amene sadawaiwale, ndipo muwajambule akadali moyo.